Tirigu wadzadza m'nkhokwe koma mabogi sakubwera: kodi njanji za ku Prairies zavuta pati?

Bambo a Tadala (Yorkton):
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso kwa inu amene mwakhalitsa kuno ku Prairies, dera la minda la kumadzulo kwa Canada. Pafamu pamene ndikugwira ntchito tinakolola bwino canola ndi tirigu, moti nkhokwe zachitsulo zonse zinadzadza, wotsalayo tinamuthira m'matumba aatali apulasitiki aja amene amagonekedwa m'munda. Abwana anasainirana kontrakiti ndi kampani yogula kuti tikapereke mwezi uno. Tsiku litakwana anatiimbira foni kuti musabwere, elevator (malo olandirira mbewu a pambali pa njanji) yadzadza, sitima sinafike. Sabata yotsatira mawu ake omwewo. Panopa abwana tulo sakuliona, chifukwa ngongole ya mbewu ndi feteleza ili pakhosi, ndipo ndalama salandira mpaka katundu atatsitsidwa. Ogula alipo kutsidya kwa nyanja, chakudya chilipo pano, njanji ilipo. Nanga chikuvuta n'chiyani?

aNabanda (Brandon):
Bambo a Tadala, foni ngati imeneyo ndimaimba ndine, kungoti kuno ku Manitoba. Ndimagwira mu ofesi ya elevator, ndipo palibe ntchito imandiwawa ngati kuuza mlimi kuti asabwere. Elevator musaiyese malo osungirako mbewu, ndi podutsira chabe. Zimalowa pa lole, zimatuluka pa sitima. Timaitanitsa mabogi pasadakhale, sabata ndi sabata. Bogi imodzi imanyamula matani 90 kapena 100, ndipo sitima imodzi imakoka mabogi oposa 100, kutanthauza matani oposa 10,000. Sitima imodzi yokha ikalephera kubwera, ndiye kuti malole oposa 200 alibe potsitsira. Ikafika mochedwa, loweruka usiku kapena chisanu chili pachimake, anyamata amadzutsidwa kuti adzaze mwamsanga, chifukwa tikachedwetsa mabogi ifeyo amatilipiritsa.

aPhiri (Moose Jaw):
Mwanena zoona chemwali. Ine ndimayendetsa lole ya ngolo ziwiri ya Super B, ndimanyamula matani 40 ndi kanthu. Akangolengeza kuti sitima yafika, dera lonse limathamangira komweko. Mzere wa malole umafika mpaka kumsewu waukulu, injini zili chiyakire chifukwa ukazimitsa pa chisanu chotero siilira. Mafuta amenewo amalipira ndani? Mlimi.

Mphatso (Saskatoon):
Zikomo akuluakulu, ndiloleni ndiwonjezerepo pang'ono, poti nkhani imeneyi ndi imene tikuphunzira kusukulu. Kuchedwa kulandira ndalama ndi mbali imodzi. Mbali yopweteka kwambiri ndi chimene amachitcha basis, kusiyana kwa mtengo wa pamsika waukulu ndi mtengo umene mlimi amapatsidwa pa elevator ya kwawo. Mabogi akamasowa, kampani yogula siifunanso mbewu zambiri poti ilibe poziika, ndiye imatsitsa mtengo wake kuti alimi asiye kubwera. Kudoko mtengo ukhoza kukhala wabwino ndithu, koma wa ku Yorkton n'kukhala pansi. Mlimi amene ngongole yamukakamiza amagulitsabe pa mtengo wotsikawo. Palinso chindapusa chimene eni sitima zapamadzi amalipiritsa tsiku lililonse sitima yawo ikangokhala padoko kudikira katundu. Amalipira ndi kampani yogula inde, koma pomaliza pake amadzachichotsa pa mtengo wa mlimi yemweyo. Mlimi sanachedwetse sitima, sanatseke mlatho, sanachite sitalaka, koma zonsezi zimathera m'thumba mwake.

aMbewe (Edmonton):
Ndaona kuti mlandu ukulowera kwa ife a njanji, ndiye ndiyankhulepo. Ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, ndipo ndikupemphani mumvetse za chisanu. Mabuleki a sitima amayendera mpweya. Mpweyawo umachokera kumutu kwa sitima n'kudutsa m'paipi mpaka bogi yomaliza, mtunda woposa makilomita awiri. Kukazizira kufika pa madigiri 25 pansi pa ziro, malabala olumikizira mapaipi amauma gwa, mpweya umayamba kuthawa, ndipo mabogi akumbuyo salandira mphamvu yokwanira. Zikatero lamulo lake ndi kufupikitsa sitima. Katundu amene akananyamulidwa ndi sitima imodzi amafuna ziwiri, kutanthauza mitu yambiri, antchito ambiri, ndi malo ambiri panjanji imene ili kale yothithikana. Zitsulo za njanji nazonso zimathyoka pa chisanu, liwiro limachepetsedwa.

Musaganize kuti ndi chifukwa chongopeka. Pa 4 Febuluwale 2019, sitima ya kampani ya njanji ya CP ya mabogi 112 a tirigu inaima pamalo otsetsereka pafupi ndi Field ku British Columbia, kukuzizira koopsa. Mabuleki anataya mpweya, sitima inayamba kuyenda yokha, n'kukagwa pafupi ndi ngalande za njanji zotchedwa Spiral Tunnels. Anzathu atatu anafera pomwepo. Ife tikamva wina akunena kuti ingothamangitsani sitimazo, timakumbukira anthu amenewo.

Bambo a Tadala (Yorkton):
Pepani aMbewe. Za ngoziyo sindinamvepo. Mizimu yawo iuse mumtendere.

aPhiri (Moose Jaw):
Achimwene aMbewe, za anzanuwo ndakhudzidwa nazo, ndipo palibe pano amene akufuna kuti wantchito aike moyo pachiswe. Koma chisanu cha ku Saskatchewan si mlendo. Chimabwera chaka chilichonse, mwezi womwewo. Munthu wodziwa kuti mu Januwale sitima zidzafupika amasunga mitu yapadera ndi anthu apadera. Makampani awiri a njanji, CN ndi CP, anasankha njira ina. Hunter Harrison, amene anatsogolera CN kenako CP, ndiye anabweretsa kayendetsedwe kakuti sitima zikhale zazitali, mitu ichepe, antchito achepe, pasakhale chilichonse chongokhala. Eni masheya anasangalala. Koma njanji yopanda chosungira ikangopunthwa kamodzi, kudzuka kwake ndi miyezi.

aMbewe (Edmonton):
Apo sinditsutsa kwenikweni. Ifenso timalira ndi kuchepa kwa anthu. Kungoti kondakitala samupanga tsiku limodzi, amatenga miyezi ingapo akuphunzira. Chaka cha chilala monga 2021 katundu amachepa, anthu amaimitsidwa, ena amapeza ntchito kwina osabweranso. Chaka chotsatira zokolola zikachuluka, palibe woyendetsa.

Mphatso (Saskatoon):
Chitsanzo chachikulu cha zimene aPhiri akunena ndi chaka cha 2013. Kumadzulo kwa Canada kunakololedwa matani pafupifupi 76 miliyoni, zimene zinali zisanachitikepo. Paja amati walira mvula walira matope. Chisanu chotsatira chinali choopsa, mabogi amene anaitanitsidwa osabwera anafika masauzande ambirimbiri, sitima zapamadzi makumimakumi zinangoima ku Vancouver, ndipo alimi anataya ndalama zofika mabiliyoni a madola kudzera mu basis ija. Mu Malichi 2014 boma la ku Ottawa, kudzera mwa nduna Lisa Raitt ndi Gerry Ritz, linalamula kuti CN ndi CP aliyense azinyamula matani 500,000 pa sabata, akalephera chindapusa chofika madola 100,000 pa tsiku. Kenako panabwera lamulo la Fair Rail for Grain Farmers Act.

Chimene chimandiphunzitsa ine ndi zimene zinatsatira. Poti lamulo linkangowerenga matani, makampani anathamangira kumene bogi imapita n'kubwerako msanga, ma elevator aakulu a panjanji yaikulu opita kumadoko. Amene anali kutali, a panjanji zazing'ono, ndi alimi a oats amene msika wawo uli ku America, anadikira kwambiri kuposa anzawo. Manambala anakwana, koma sikuti aliyense anathandizidwa.

Ndipo sizinathere pomwepo. Mu Malichi 2018 CN inachita kupepesa poyera chifukwa cholephera kunyamula mbewu m'chisanu chimenecho, mkulu wake Luc Jobin atangochoka kumene pampando.

Mayi a Chisomo (Burnaby):
Moni abale anga a ku Prairies. Ndawerenga zonse, koma ndikuona kuti nonse maso anu ali pa mabogi. Bwerani kuno kumathero a njanji mudzaone. Ine ndimagwira ntchito yokonza mapepala a katundu wapadoko, ndipo ndikukuuzani kuti ngakhale mutagula mabogi ena 10,000 mawa, onsewo adzadutsabe pa zipata zomwezi.

Choyamba ndi chigwa cha mtsinje wa Fraser. Njanji ziwiri zonse, ya CN ndi ya CPKC (dzina latsopano la CP), zimadutsa m'chigwa chimodzi chopapatiza, ina tsidya lino ina tsidya linalo, phiri pamwamba madzi pansi. Makampaniwa anagwirizana kalekale kuti sitima zonse zopita kunyanja zizidzera njanji ya CN, zobwerera zizidzera ya CP, ndipo nzeru imeneyi inathandiza kwambiri. Koma chigwa ndi chimodzibe. Moto umene unapsereza tauni ya Lytton pa 30 Juni 2021 unaimitsa sitima. Mu Novembala chaka chomwecho mvula yoopsa inakokolola njanji zonse ziwiri, Vancouver n'kukhala yodukiratu kwa masiku oposa sabata. Chinatipulumutsa n'chakuti chaka chimenecho chilala chinali chitachepetsa zokolola. Zikanachitika m'chaka ngati 2013, sindikudziwa kuti tikanalowera kuti.

Mukatuluka m'mapiri mumakumana ndi mlatho wa New Westminster pa Fraser yemweyo. Unamangidwa mu 1904, uli ndi njanji imodzi, ndipo umatembenuka kuti maboti adutse. Pitani patsogolo. Ma terminal (malo otsitsira ndi kukwezera katundu padoko) akuluakulu a mbewu a ku North Vancouver, monga a Richardson, Cargill ndi G3, mumawafikira podzera m'ngalande ya Thornton imene ili pansi pa nyumba zathu kuno ku Burnaby, yaitali makilomita oposa 3. Sitima ikadutsamo, inzake imayamba yadikira kuti utsi utuluke. Anaikamo zokupizira mpweya zatsopano kuti kudikirako kuchepe, koma mukangotuluka m'ngalandemo mwafika pa mlatho wa Second Narrows, nawonso wa njanji imodzi, umene umakwezedwa m'mwamba sitima yapamadzi ikamadutsa. Ndipo pamenepo woyamba kudutsa ndi wa pamadzi. Chiyambire 2024, paipi ya mafuta ya Trans Mountain itakulitsidwa, sitima zonyamula mafuta zodzera pamenepo zachuluka. Pamlatho womwewo pamadutsa tirigu, feteleza wa potash wa ku Saskatchewan ndi malasha.

Ndiye bambo a Tadala, canola wa abwana anuwo amayenda makilomita oposa 1,500, n'kudzaima pamzere kudikira mlatho umodzi kuti utsike.

aNabanda (Brandon):
Mayi a Chisomo, muwauzenso za mvula. Alimi akuno ndikawafotokozera sakhulupirira.

Mayi a Chisomo (Burnaby):
Eya, mvula. Tirigu akanyowa m'mimba mwa sitima amaola, ndiye kukamagwa mvula zitseko za pamwamba zimatsekedwa, kuthira kumaima kapena kumayenda pang'onopang'ono. Njira zothirira kukugwa mvula zilipo, koma pakhala kukokanakokana kwa zaka zambiri pa za chitetezo cha antchito okwera pamwamba pa zitsekozo. Tsono taganizani, miyezi imene Vancouver imagwa mvula tsiku ndi tsiku, Novembala mpaka Malichi, ndi yomweyo imene mbewu zimafunika kutuluka kwambiri. Terminal ikadzadza, mabogi satsitsidwa. Akapanda kutsitsidwa sabwerera kwa aNabanda.

aMbewe (Edmonton):
Zikomo mayi. Izi ndi zimene ndimafuna anthu amve. Nthawi zina sitima tafika nayo pa nthawi yake, n'kukhala nayo panja pa mzinda poti kulibe kotsitsira. Koma dzina loipa limagwera ife.

aChisale (Lilongwe):
Ana anga, ine ndili kumudzi kuno koma ndikutsatira mwachidwi, poti ndinagwirapo ntchito za ulimi mpaka kupuma. Ndinamvapo kuti kumeneko kunali bungwe logula tirigu yense, ngati mmene ADMARC inalili kwathu kuno kale. Kodi si kuthetsedwa kwa bungwe limenelo kumene kunabweretsa chisokonezochi?

Mphatso (Saskatoon):
Agogo, funso lanulo mpaka lero limagawanitsa mabanja kuno. Bungwelo ndi Canadian Wheat Board. Mlimi wa kumadzulo ankayenera kugulitsa tirigu ndi barele wotumiza kunja kudzera mwa iwo okha, mpaka pa 1 Ogasiti 2012 pamene boma la Stephen Harper linathetsa lamulolo. Zotsala zake zinagulitsidwa mu 2015 n'kukhala kampani ya G3. Amene amalilira bungweli amati linkadziwa sitima yapamadzi iti ikufuna tirigu wamtundu uti, n'kukonza kuti mabogi oyenera afike pa nthawi yake, komanso linali ndi mphamvu zoyankhulira alimi onse pamodzi. Amatinso si mwangozi kuti chisokonezo cha 2013 chinabwera patangopita chaka bungwelo litachotsedwa. Otsutsa amayankha kuti mavuto analipo kale. M'chisanu cha 1996 mpaka 1997 mbewu zinaunjikananso, bungwe lomwelo n'kukasumira CN ndi CP. Canola naye sanali m'manja mwake.

Ine maganizo anga ndi akuti bungwelo silikanakulitsa mlatho wa Second Narrows kapena kutenthetsa Januwale. Koma ndalama zija za basis, zimene mu 2014 zinatsalira kwa makampani ogula, zikanabwerera kwa alimi, poti bungwelo linkagawa zonse zimene lapeza kwa eni tirigu. Kusiyana kwake kuli pamenepo.

aChisale (Lilongwe):
Wafotokoza bwino mdzukulu wanga. Ndiye vuto lina ndi la msewu, lina ndi la amene akudya phindu msewuwo ukatsekeka.

aPhiri (Moose Jaw):
Bambo aChisale mwagunda pomwepo. Ndiwonjezere za msewu weniweni, wa matayala. Akuluakulu akuno amasimba kuti kale tauni iliyonse inali ndi elevator yake yamatabwa, ndipo m'ma 1930 zinalipo zoposa 5,000. Mlimi ankapita pa ngolo n'kubwerako tsiku lomwelo. Mtengo wonyamulira mbewu pa sitima unali womangidwa ndi pangano la Crow la mu 1897, kenako boma linkathandiza kulipira, mpaka thandizolo linathetsedwa mu 1995. Zitatero njanji zing'onozing'ono zinazulidwa, ma elevator amatabwa anagwetsedwa, patsala akonkire mazana ochepa m'mbali mwa njanji zazikulu. Kwa a njanji zinaphweka, sitima imadzadza malo amodzi. Koma mtunda umene sitima inasiya kuyenda, pano ukuyendedwa ndi lole yanga, ndipo alimi ambiri amayenda ola lathunthu kapena kupitirira kuti akatsitse. Misewu ya kumidzi imene sinamangidwire matani 60 ikukumbika, okonza ndi makhonsolo, ndalama zake misonkho ya alimi omwewo. Ine ndikudyerapo, sindikana, koma ndikuona amene wasenzetsedwa katunduyo.

aMbewe (Edmonton):
Pali chinthu chimodzi chimene simunachitchule. Mwa katundu yense amene timanyamula, mbewu za kumadzulo zokha ndi zimene boma linaika malire pa ndalama zimene kampani ingapezepo. Amachitcha Maximum Revenue Entitlement, chinayamba mu 2000. Kampani ikapitirira malirewo imabweza ndalamazo, kuwonjezapo chindapusa, zonse n'kupita ku Western Grains Research Foundation. Tsono muike mtima wanu m'malo mwa mkulu wa kampani. Njanji ndi imodzi, pali makontena, potash, mafuta, matabwa, ndipo zonsezo mtengo mumakambirana momasuka. Ndalama zomangira njanji yachiwiri mudzaziika kuti?

Mphatso (Saskatoon):
Amalume, apa ndikupemphani nditsutseko mwaulemu. Malirewo sali pa kuchuluka kwa katundu. Kampani ikanyamula matani ambiri, ndalama zololedwa zimakweranso, ndipo chaka chilichonse Canadian Transportation Agency imazikweza potengera mitengo ya mafuta, malipiro ndi zipangizo. Palibe chimene chimawaletsa kunyamula zambiri. Chimene malirewo amaletsa ndi kukweza mtengo chifukwa chakuti mlimi alibe kothawira. Ma elevator ambiri ali panjanji ya kampani imodzi yokha. Tirigu wa ku Saskatchewan simungamutengere ku Vancouver pa lole. Mtsinje woyendamo mabwato a katundu, ngati Mississippi wa anzathu a ku America, kuno kulibe. Mutachotsa malirewo lero, mtengo ungakwere ndithu, koma palibe chimene chingakakamize kampani kuti ndalamazo imangire mlatho.

Pamene mukunena zoona ndi pa mabogi. Kale kampani ina ikagula mabogi, phindu lake pa malirewo linkagawidwa kwa onse awiri, ndiye aliyense ankadikira mnzake. Lamulo la 2018 litakonza zimenezi, onse anayamba kugula mabogi atsopano masauzande, ofupikirapo koma onyamula zambiri, m'malo mwa akale aja amene boma linayamba kugula m'ma 1970.

aMbewe (Edmonton):
Mwanangu, sukuluyo ikukupindulira. Za mabogi tagwirizana. Pano sitima ya mamita 2,600 imakoka mabogi oposa 140, ndipo pa ma elevator atsopano okhala ndi njanji yozungulira imadzadza osaidula n'komwe. Zaka zingapo zapitazi tanyamula mbewu zochuluka kuposa kale lonse, zimenezonso muzizinena. Pa za malire a ndalama ndikhalabe ndi maganizo anga.

aNabanda (Brandon):
Zoona, zinthu zikamayenda zimayenda bwino kuposa kale. Dandaulo langa ndi pamene zasokonekera. Ife tikachedwetsa bogi timalipira. Sitima ikachedwa sabata ziwiri, kuti tilandire kanthu ndi nkhondo, ngakhale lamulo la 2018 linatsegula njira yoti chindapusa chizigwira mbali zonse. Ndipo mlimi amene kontrakiti yake yachedwetsedwa, nthawi zambiri salandira kalikonse. Koma iyeyo alephere kubweretsa matani amene analonjeza, monga zinachitikira ambiri pa chilala cha 2021, amalipira mpaka senti yomaliza. Ndimakhala mbali ya kampani, koma zimenezi sizindikhalira bwino mumtima.

Chimene chinatithandizako kuno ndi interswitching. Ngati elevator ili panjanji ya kampani imodzi koma pafupi pali mphambano ndi kampani ina, lamulo limakakamiza woyambayo kukoka mabogi mpaka pamphambanopo pa mtengo woikidwa ndi boma. Mtunda wake ndi makilomita 30 okha, umene ku Prairies kuno ndi pakhomo pomwepa. Mu 2014 anaukulitsa kufika 160, mu 2017 zinatha. Mu Seputembala 2023 anabwezeretsanso mongoyesa kwa miyezi 18. Sikuti tinkagwiritsa ntchito kawirikawiri ayi. Koma kungodziwa kuti tikhoza kuitana wina, ngakhale BNSF ya ku America kwa ife a kumwera kwa Manitoba, kunkasintha mayankhulidwe a pafoni.

aMbewe (Edmonton):
Chemwali, katundu akapita kwa BNSF ndiye kuti ntchito zathu zawoloka malire. Komanso kupatsirana mabogi pamphambano kumadya masiku. Ndi chifukwa chake ngakhale mabungwe ena a antchito sanakondwere nazo.

aNabanda (Brandon):
Ndikumva achimwene. Koma bogi yochedwa masiku awiri pamphambano ndi yabwino kuposa imene sinabwere n'komwe.

Bambo a Tadala (Yorkton):
Ndaphunzira zambiri. Abwana amatchulanso kawirikawiri za sitalaka ya 2024. Ine ndinali ndisanafike, zinayenda bwanji?

aMbewe (Edmonton):
Bambo, poyamba tikonze mawu. Pa 22 Ogasiti 2024 makampani ndiwo anatsekera antchito kunja, CN ndi CPKC nthawi imodzi, anthu oposa 9,000 a bungwe la Teamsters. Nkhani yaikulu inali ya nthawi yopuma ndi kakonzedwe ka mashifiti. Pasanathe tsiku nduna ya zantchito Steven MacKinnon inatumiza nkhaniyo kwa oweruza kuti agamule mokakamiza, sitima n'kuyambanso kuyenda patapita masiku ochepa. Ndikudziwa kuti zinagwa pa nthawi yokolola ndipo alimi anakwiya. Koma munthu woitanidwa 2 koloko usiku kuti akatsitse matani 15,000 m'mapiri ali ndi tulo m'maso, imeneyo si nkhani ya malipiro.

Mayi a Chisomo (Burnaby):
Ndipo mwezi wotsatira, mu Seputembala, antchito a m'ma terminal a mbewu kuno ku Vancouver nawonso ananyanyala kwa masiku angapo. Ogula a ku Japan, Indonesia ndi kwina amaona zonsezi. Tirigu wa Canada amamukonda, koma mwini chigayo amafuna sitima yake ifike pa tsiku limene anagwirizana. Akakhumudwa kawiri katatu amayamba kufunsa mitengo ku Australia.

aChisale (Lilongwe):
Nanga madoko ena kulibe? Pa mapu ndikuona nyanja kumpoto, pafupi kwambiri ndi Manitoba.

aNabanda (Brandon):
Alipo bambo, koma lililonse lili ndi chilema chake. Thunder Bay, pa nyanja ya Superior, ndiye timadalira ife a ku Manitoba, koma madzi akaundana kuyambira Januwale mpaka kumapeto kwa Malichi sikuyenda sitima. Prince Rupert ndi doko lakuya bwino komanso lili pafupi ndi Asia, koma kumafika njanji imodzi yokha ya CN. Limene mwaonalo ndi Churchill, pa Hudson Bay. Limatseguka miyezi itatu kapena inayi pa chaka, ndipo nthawi yake imatha mbewu zatsopano zikungoyamba kumene kutuluka m'minda. Njanji yake inamangidwa pa madambo ndi nthaka youndana imene pano ikusungunuka, ndiye imatitimira. Mu Meyi 2017 madzi anaikokolola, eni ake a nthawiyo, OmniTRAX a ku Denver, anakana kukonza, tauni yonse n'kukhala yopanda sitima kwa chaka ndi theka. Pano ili m'manja mwa Arctic Gateway Group, ya mitundu ya eni nthaka ndi matauni akumpoto, ndipo boma laikamo ndalama zambiri. Ndimawafunira zabwino ndi mtima wonse. Koma makampani akuluakulu a mbewu ali ndi ma terminal awoawo ku Vancouver ndi ku Thunder Bay, sangathamangire kutumiza katundu padoko la mwini wina. Amene ankadyetsa Churchill anali Wheat Board uja.

Bambo a Tadala (Yorkton):
Ndiye mlimi payekha palibe chimene angachite? Angodikira foni?

aPhiri (Moose Jaw):
Chilipo bambo, ngakhale si mankhwala a zonse. Mlimi kuno ali ndi ufulu woitanitsa bogi yakeyake n'kudzaza yekha osadzera pa elevator. Amati producer car, ndipo pempho limapita ku Canadian Grain Commission. Ndanyamulirapo alimi otero, timathira ndi makina okwezera mbewu otchedwa auger pambali pa njanji.

Mphatso (Saskatoon):
Ufulu umenewo anachita kuumenyera, ndipo zinachitikira kufupi ndi kwanu komweko bambo a Tadala. Mu 1901 kunakololedwa tirigu wambiri, mabogi anasowa, ochepa amene analipo ankaperekedwa kwa makampani a ma elevator. Alimi anasonkhana ku Indian Head n'kupanga Territorial Grain Growers' Association, wotsogolera W. R. Motherwell. Mu 1902 anatengera kukhoti woyang'anira siteshoni ya CPR ku Sintaluta chifukwa chosagawa mabogi motsatira mzere, ndipo anapambana. Masiku anonso alipo amene anachita zazikulu. Kumwera chakumadzulo kwa Saskatchewan, anthu a m'deralo anasonkha ndalama n'kugula Great Western Railway mu 2004. Ku Alberta alimi a ku Forestburg ndi midzi yozungulira anagula njanji kwa CN mu 2010 isanazulidwe, n'kupanga kopaletivu ya Battle River Railway.

aNabanda (Brandon):
Koma muwachenjeze abwanawo asanalowemo. Pamafunika wogula kumathero amene wavomera kale kulandira bogiyo, pamafunika malo othirira amene akugwirabe ntchito poti ambiri anatsekedwa, ndipo giredi ya mbewu imadziwika bogi itafika kale kudoko, ndiye ndalama zimachedwako. Chinanso, njanji yaing'ono imakathera pa njanji yaikulu. Mabogi akamasowa, a bogi imodzi kapena zisanu ndi amene amakhala kumapeto kwa mzere.

Kwa chaka chino, auzeni afunse ku makampani opsinja mafuta a canola. Ku Yorkton kwanuko kuli mafakitale awiri akuluakulu, a Richardson ndi a Louis Dreyfus, ndipo kumeneko canola amapita pa lole. Nawonso amadalira sitima potulutsa mafuta ndi chakudya cha ziweto, koma kawirikawiri amakhala ndi mpata pamene ma elevator atseka. Zimenezi ndi za canola amene sanamangidwe m'kontrakiti, womangidwayo asamukhudze. Pa za ngongole, afunse za Advance Payments Program, imene imabwereketsa mlimi ndalama pa mbewu zimene zili m'nkhokwe, gawo lina lopanda chiwongoladzanja. Ambiri amadzera ku Canadian Canola Growers Association. Ndipo matumba a m'mundawo muziwayendera kawirikawiri, agwape ndi akhwangwala akaboola chinyezi chimalowa.

Bambo a Tadala (Yorkton):
Zikomo kwambiri mayi. Za ngongoleyo ndiwauza mawa m'mawa. AMbewe, chisanu chikatha, zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti sitima zibwerere mwakale?

aMbewe (Edmonton):
Zimatengera kutalika kwa chisanucho, bambo. Chikakhala cha masiku ochepa timachira msanga. Chikagwira sabata ziwiri kapena zitatu, mitu ndi antchito amakhala atabalalika malo olakwika, mayadi atadzadza, ndipo kukonza zimenezo kumatha kudya mwezi. Akamakonza amayambira njanji yaikulu, nthambi ngati za kwanuko zimabwera pambuyo. Abwana aziyang'ana lipoti la Ag Transport Coalition, limatuluka sabata iliyonse ndipo limaonetsa mabogi amene anaitanitsidwa ndi amene anafikadi, kampani ndi kampani, chigawo ndi chigawo. Akaona manambala a Saskatchewan ayamba kukwera, akonzeretu lole.